Download imachedwa ndikasomeka hard drive ya kunja: mafunso ndi mayankho

Dandaulo ili limatipeza kawirikawiri ife okonza makompyuta muno mu Lilongwe. Amabwera nalo ndi ana asukulu otsitsa mabuku ndi mavidiyo a maphunziro, ojambula maukwati ndi zinkhoswe, komanso anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ku Kawale, ku Area 25 ndi ku Chinsapo. Onse amafotokoza zofanana: laputopu ikakhala yokha download imathamanga bwinobwino, koma akangosomeka hard drive ya kunja, liwiro limagwa. Ena amayamba kukalipira kampani ya netiweki, ena amagulanso bandulo, ndipo ena, zomwe zimandipweteka mtima kwambiri, amafomata hard drive n'kutaya zithunzi za zaka zambiri. Musachite chilichonse mwa izi musanapeze pomwe pagona vuto, chifukwa nthawi zambiri limatha osawononga ngakhale tambala.

Kodi n'zoona kuti hard drive ingachedwetse intaneti, kapena ndi maganizo anga chabe?

N'zoona ndithu, simukulota. Kungoti mawu akuti "intaneti yachedwa" amaphimba mavuto osiyana. Pena hard drive imakhala ikusokoneza mafunde a Wi-Fi. Pena intaneti ili bwino, koma hard drive ikulephera kulemba zomwe zikubwerazo mwachangu. Penanso kusomeka hard drive kumadzutsa mapulogalamu ena omwe amayamba kudya bandulo mwakachetechete, kapena hard drive ikulanda moto womwe modemu yanu imadalira. Pa sikirini zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana.

Nanga ndidziwa bwanji kuti langa ndi liti?

Patulani mphindi khumi, muyese motere. Zulani hard drive, mutsitse fayilo ina yake n'kuisunga m'kompyuta momwemo, muone liwiro lake. Kenako somekani hard drive, koma mutsitsenso fayilo yomweyo n'kuisungabe m'kompyuta, osati mu hard drive ayi. Pomaliza muitsitsire mu hard drive mwenimwenimo.

Ngati liwiro lagwa pa ulendo wachiwiri, pomwe hard drive yangosomekedwa koma simukulembamo kanthu, ndiye kuti vuto si kulemba. Kayikirani mafunde a Wi-Fi, moto, kapena pulogalamu yomwe yadzuka. Ngati lagwa pa ulendo wachitatu pokha, intaneti yanu ilibe mlandu, vuto lili mu hard drive, chingwe chake kapena bowo la USB.

Yesani maulendo atatuwa motsatizana, malo amodzi, osasuntha laputopu. Mukayesa koyamba m'mawa, kachiwiri madzulo anthu ataweruka, mudzinamiza nokha chifukwa netiweki payokha imasintha ndi nthawi. Mukhoza kugwiritsanso ntchito speedtest.net kapena fast.com pa maulendo awiri oyambawo, koma dziwani kuti kuyesa kulikonse kumadya bandulo, ndipo intaneti ikakhala yothamanga kumadyanso kwambiri. Kawiri katatu n'kokwanira.

Hard drive ilibe mlongoti, si wailesi. Ingasokoneze bwanji Wi-Fi?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amakana kukhulupirira, koma ndiye gwero lomwe ndimalikayikira poyamba. USB 3.0, yomwe inakhazikitsidwa mu 2008, imatumiza zinthu pa liwiro la 5 Gbps. Magetsi akamasinthasintha mwachangu chotere m'kati mwa chingwe, ena amatayikira kunja ngati mafunde a wailesi. Tsoka lake n'lakuti phokoso lambiri la USB 3.0 limagwera cha pa 2.4 mpaka 2.5 GHz, pomwenso Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi Bluetooth zimadutsa. Si nkhambakamwa: kampani ya Intel inatulutsa chikalata mu 2012 chofotokoza za vutoli, ndipo inaonetsa kuti phokosoli limachokera m'chingwe, pa mutu wa chingwe pomwe chalumikizana ndi kompyuta, ndi mu hard drive momwe.

Ganizirani anthu awiri akucheza pakhomo pa chigayo chikugaya. Mawu akutuluka bwino, koma winayo sakumva, ndiye aliyense akungobwereza zomwe wanena. Wi-Fi imachitanso zomwezo. Kachidutswa ka fayilo kakafika kosamveka, rauta imakatumizanso, ndipo zikapitirira, rauta ndi laputopu zimagwirizana zotsitsa liwiro kuti zizimvana. Timizere ta Wi-Fi pakona pa sikirini titha kuonekabe todzaza, chifukwa timangoonetsa mphamvu ya mafunde a rauta, sitionetsa phokoso. N'chifukwa chake munthu amalumbira kuti netiweki ili "fulu" koma tsamba silikutsekuka.

Vutoli limakula mukakhala patali ndi rauta. Amene wakhala moyandikana nayo mwina sangaone kusintha kulikonse. Koma wa kuboyizikota, yemwe akukoka Wi-Fi kuchokera m'nyumba yaikulu kudutsa makoma awiri a njerwa zootcha, mafunde amamufika ali ofooka kale, ndiye kaphokoso pang'ono kamawamaliza. Makompyuta a pa desiki ogwiritsa ntchito kadongo (dongle, kachipangizo kakang'ono ka USB) ka Wi-Fi kosomeka kumbuyo ndiwo amavutika koposa, chifukwa kadongoko kamakhala kogundana ndi chingwe cha hard drive.

Kuti mudziwe ngati bowo ndi la USB 3.0, suzumiranimo. Nthawi zambiri kalilime ka m'kati kamakhala kabuluu, kapena pambali pamalembedwa SS. Mabowo a USB 2.0 amakhala akuda kapena oyera.

Chabwino, ndi phokosolo. Ndichite chiyani tsopano?

Yambani ndi zaulere. Sunthirani hard drive ku bowo la mbali ina ya laputopu, muitalikitse mpaka pomwe chingwe chathera. Musaiike kuseri kwa sikirini, chifukwa m'malaputopu ambiri timilongoti ta Wi-Fi timakhala m'mphepete mwa sikirini kapena pa mahinji. Musaitsamiritsenso pa MiFi (karauta kam'thumba ka SIM khadi) kapena pa foni yomwe ikupereka hotspot. Ndimaona anthu ambiri ataunjika zonse pamodzi pa katebulo kamodzi, hard drive pansi, MiFi pamwamba pake, chifukwa malo ndi ochepa. Kungozilekanitsa ndi dzanja limodzi kapena awiri kumasintha zinthu.

Zikakanika, somekani hard drive m'bowo la USB 2.0. Phokoso la pa 2.4 GHz limatha nthawi yomweyo chifukwa hard drive imasiya kulankhula pa liwiro lija. Ngati laputopu yanu ili ndi mabowo abuluu okhaokha, pali nzeru ina. Ma hard drive ambiri onyamula m'manja ali ndi polowera potambalala, pooneka ngati mabowo awiri ophatikizana. Mbali yaikulu ya polowerapo ndi micro-USB wamba, yemwe uja wa mafoni akale a Android. Chingwe cha foni chotere, bola chikhale chotumiza mafayilo osati chongotchajira, chimalowa bwinobwino ndipo hard drive imayenda ngati USB 2.0. Chingwe chotalikitsira cha USB 2.0 chimachitanso chimodzimodzi, n'kukupatsaninso mpata woiika kutali.

Ngati mugule chinthu, gulani chingwe chabwino. Zingwe zopyapyala zotchipa zimakhala zopanda chotchingira chokwanira m'kati, ndiye zimataya phokoso lambiri. Chingwe choyambirira chikasweka pakhosi, mawaya n'kumaonekera, musachimange ndi tepi n'kumapitiriza. Ena amakulunga hard drive yonse m'pepala la siliva lophikira. Ine sindilimbikitsa zimenezo, chifukwa hard drive imafuna mpweya, ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala mukhoza kuipsereza.

Kodi USB 2.0 siichedwetsanso zinthu? Paja amati ndi yakale.

Pa nkhani ya download, ayi. Apa pamasokoneza ndi zilembo. Makampani a intaneti amayeza liwiro mu Mbps, pomwe Chrome kapena IDM (Internet Download Manager, pulogalamu yotsitsira mafayilo) imaonetsa MB/s, ndipo MB imodzi ndi ma Mb 8. Choncho intaneti ya 20 Mbps ikamathamanga mpaka mapeto ake, pa sikirini mudzaona 2.5 MB/s basi, ndipo fayilo ya 1 GB idzatenga mphindi pafupifupi 7. USB 2.0 papepala ndi 480 Mbps, ndipo pogwira ntchito imafika cha m'ma 30 MB/s. Intaneti yanu iyenera kupitirira 200 Mbps kuti USB 2.0 iyambe kuibweza m'mbuyo. Ambiri aife, pa MiFi kapena pa hotspot ya foni, sitiyandikirako n'komwe.

Pomwe USB 2.0 imatopetsa ndi pokopera zinthu zambiri. Mavidiyo a ukwati a 100 GB angatenge pafupifupi ola lathunthu, pomwe pa USB 3.0 angathe m'mphindi zosakwana 20. Ndiye chitani chonchi: potsitsa zinthu pa intaneti, bowo lakuda, pokopera, bowo labuluu.

Ndamva za 5 GHz. Ndi chiyani, ndipo ndiipeza kuti?

Wi-Fi imayenda pa misewu iwiri ikuluikulu, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Phokoso la USB 3.0 silivutitsa kwenikweni wa 5 GHz, choncho ngati rauta ndi laputopu yanu zonse zili nawo, kusamukirako ndiye mankhwala okhalitsa. Mu Windows, lowani mu Settings, pa Network & internet, mutsekule Properties ya Wi-Fi yomwe mwalumikizako. Pa Network band padzalembedwa msewu womwe muli.

Marauta ambiri amaonetsa maina awiri, lina lothera ndi 5G. Samalani, 5G imeneyi si ija ya netiweki ya mafoni, ikungotanthauza 5 GHz. Marauta ena amaphatikiza misewu yonse pa dzina limodzi n'kumakusankhirani okha. Ya Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, imatero, koma mu pulogalamu yake ya pa foni muli poilekanitsira. Mafoni ambiri a Android amalola kusankha 5 GHz m'masetingi a hotspot. Pa iPhone zatsopano, kabatani ka Maximize Compatibility kakayatsidwa hotspot imakhala pa 2.4 GHz, ndiye kazimitseni.

Kuipa kwa 5 GHz n'kwakuti siipita patali ndipo makoma amaifoola msanga. Wa kuboyizikota uja mwina sangaione n'komwe. Ma MiFi otchipa ndi malaputopu akale ambiri alibenso 5 GHz. Zikatero, lumikizani MiFi kapena foni ku laputopu ndi chingwe cha USB, intaneti izidutsa m'chingwemo, kapena kokani chingwe cha netiweki kuchokera ku rauta. Chingwe sichimva phokoso limeneli.

Mausi yanga yopanda chingwe imadumphadumpha, ndipo mahedifoni a Bluetooth amadukaduka ndikasomeka hard drive. N'zogwirizana?

Eya, ndi matenda omwewo, ndipo ndi umboni wabwino woti vuto lanu ndi phokoso. Zonsezo zimayenda pa 2.4 GHz. Sunthirani kadongo ka mausi ku mbali ina, kutali ndi chingwe cha hard drive.

Achimwene, ine ndimagwiritsa ntchito modemu yosomeka ya SIM khadi, osati Wi-Fi. Ndikasomeka hard drive, modemu imazima n'kuyakanso. Chikuchitika n'chiyani?

Pamenepo kayikirani moto. Bowo la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka moto wa 500 mA, la USB 3.0 900 mA. Hard drive yokhala ndi mbale zozungulira m'kati imakoka moto wambiri, makamaka ikamayamba kuzungulira, ndipo modemu ya 4G nayo imakoka kwambiri ikamatumiza, makamaka komwe netiweki ndi yofooka. Ziwirizi mukaziika pa kahabu (kochulukitsa mabowo a USB) kamodzi kotchipa kopanda chaja yakeyake, zimalimbirana moto wa bowo limodzi. Modemu imataya netiweki, n'kuifunafunanso, ndipo download imaima kapena kuyambiranso.

Chotsani habuyo, chilichonse chikhale ndi bowo lake, makamaka mbali zosiyana za laputopu. Somekaninso chaja ya laputopu, chifukwa magetsi akazima n'kumayendera batire, Windows imayamba kusunga moto pochepetsa mphamvu ya Wi-Fi ndi kugoneka mabowo a USB. Mukhoza kuletsa zimenezi mu Power Options, pa USB selective suspend ndi pa Wireless Adapter Settings ngati zikuoneka pa kompyuta yanu. Ngati ntchito yanu imafuna zosomeka zambiri nthawi imodzi, monga anyamata oika nyimbo m'mafulashi asanu pakamodzi, habu yokhala ndi chaja yake ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito.

Ndili pa chingwe cha netiweki ku ofesi ku City Centre, Wi-Fi palibe, koma kutsitsira mu hard drive kumachedwabe.

Ndiye tiyang'ane hard drive yeniyeniyo. Download ili m'kati, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itsekuke, mupite pa Performance, musankhe disiki ya kunjayo. Ngati Active time yakakamira pa 100% koma liwiro lolemba ndi lochepa, hard drive ikubanika.

Hard drive yabwinobwino ya 5400 rpm (maulendo omwe mbale zimazungulira pa mphindi) imatha kulemba pafupifupi 100 MB/s ikamalemba fayilo imodzi yaikulu motsatizana. Koma m'kati mwake muli kamkono kamodzi komwe kamayenda pamwamba pa mbale. Mukakapatsa ntchito zingapo nthawi imodzi, kutsitsa mafayilo anayi, kuonera filimu ya momwemo, kwinaku mukukoperanso zithunzi, kamkonoko kamathera nthawi kuthamangira uku ndi uku m'malo molemba, ndipo liwiro limatha kugwa mpaka pa ma MB ochepa kwambiri. Torrent, pulogalamu yotsitsira mafayilo kuchokera kwa anthu ena pa intaneti, ndiye imazunza koposa, chifukwa imalandira tizidutswa ta fayilo mosatsata dongosolo, n'kumawerenganso tina kuti itumizire anthu ena.

Njira yomwe ndimauza aliyense ndi iyi: tsitsirani m'kompyuta, makamaka ngati ili ndi SSD (disiki yothamanga yopanda mbale zozungulira), mukamaliza musamutsire mu hard drive pakamodzi. Mumapindula kawiri, chifukwa chingwe chikagwedezeka pang'ono download ili m'kati, simutaya bandulo yomwe mwawononga kale.

Pali setingi inanso. Kuyambira pa Windows 10 ya 1809, ma disiki a kunja amaikidwa pa Quick removal, kuti munthu akazula mwadzidzidzi zinthu zisawonongeke msanga. Mu Device Manager, pa Policies, mukhoza kusintha kukhala Better performance, ndipo kulemba kumafulumirako. Koma mukatero, muzidina Eject nthawi zonse musanazule. Pa kompyuta ya pa desiki yopanda UPS (kabokosi kosunga moto magetsi akazima) musayerekeze, chifukwa magetsi akathima zinthu zili m'njira, mafayilo amaonongeka.

Imayamba mothamanga, pakapita mphindi zingapo imagwa n'kumangokwawa.

Ngati izi zikuchitika ngakhale pokopera mafayilo akuluakulu opanda intaneti, mwina hard drive yanu ndi ya mtundu wa SMR. Ma hard drive ambiri ang'onoang'ono okhala ndi malo aakulu amapangidwa motero: timizere tolembamo timasanjikizana pang'ono kuti mulowe zambiri, ndiye kulemba pamalo pomwe pali kale zinthu kumafuna kulembanso timizere toyandikana nato. Kuti zisaonekere, hard drive imakhala ndi kachigawo kolandirira zinthu mwachangu. Kachigawoko kakadzaza, liwiro limagwa mpaka itapeza mpata wosanja. Si kuwonongeka, ndi mapangidwe. Isiyeni yosomeka kwa kanthawi osaipatsa ntchito, ndipo musaidzaze mpaka pakamwa. Hard drive yotsala ndi malo ochepa imachedwa, kaya ndi ya mtundu wanji.

Kwa ogwiritsa ntchito IDM, musadabwe ikafika pa 99% n'kuoneka ngati yaima. Imatsitsa fayilo m'zidutswa n'kuzisunga kaye m'kompyuta, kenako imazilumikiza n'kuzilemba komwe munasankha. Nthawi imeneyo intaneti yamaliza kale ntchito yake.

Chodabwitsa n'chakuti ndikasomeka hard drive, bandulo imathanso msanga. Ikupita kuti?

Funso ili ndi lofunika kwambiri kwa ife ogula bandulo ya TNM kapena Airtel yowerengeka. Phokoso la USB silidya bandulo. Ngati ikutha, pali pulogalamu yomwe ikutumiza kapena kulandira zinthu. Google Drive ya pa kompyuta, OneDrive ndi Dropbox zonse zimatha kufunsa ngati mukufuna kuti zizisunga pa intaneti zithunzi ndi mavidiyo a m'chipangizo chomwe mwasomeka. Munthu amadina "OK" tsiku lina mothamanga, n'kuiwala. Kuyambira pamenepo, akangosomeka hard drive yodzaza ndi zithunzi za chinkhoswe, kompyuta imayamba kuzikweza zonse. Njira yokwezera ikadzaza, kutsitsa nakonso kumachedwa, chifukwa timauthenga tomwe kompyuta yanu imabweza touza seva kuti "ndalandira, pitiriza" timaima pamzere kumbuyo kwa zithunzizo. Torrent imachitanso zomwezo: ikangoona kuti mafayilo ake abwerera, imayamba kugawira dziko lonse pa bandulo yanu.

Mu Task Manager, pa Processes, dinani mutu wa Network kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Mukampeza wolakwa, muimitseni kapena musinthe masetingi ake. Ikaninso Wi-Fi yanu pa Metered connection, kuti Windows idziwe kuti intanetiyo ndi yogula moyeza, ichepetse zotsitsa zake za kuseri.

Ngati wodya bandulo ali ndi dzina lachilendo lomwe simukulidziwa, ganizirani za vayirasi. Hard drive yomwe imayenda m'makompyuta ambiri, kokaika mafilimu, kosindikiza mapepala ku Old Town, ku labu ya kusukulu, imatola zambiri. Chizindikiro chodziwika ndi mafoda onse kusanduka ma shortcut, tokhala ndi kamuvi pakona. Musadine timafoda timeneto, chifukwa kudinako ndiye kuyatsa vayirasi. Ndipo chonde musafomate. Mafayilo anu alimo, angobisidwa. Sikanani hard drive ndi kompyuta yomwe, kenako wodziwa akhoza kuwabweza poyera ndi lamulo la attrib mu Command Prompt, ntchito ya mphindi zochepa.

Anzanga akuti ndizimitse antivayirasi kuti download ithamange.

Musawamvere. N'zoona kuti Microsoft Defender kapena antivayirasi ina imayang'ana fayilo iliyonse yomwe ikulembedwa, ndipo ena amasikana hard drive yonse ikangosomekedwa, zomwe zimaitangwanitsa kwa kanthawi. Ilekeni imalize, kenako muyambe download yanu. Kuzimitsa mlonda pa nthawi yomwe mukulowetsa zinthu zochokera kunja n'kuika pachiswe zonse zomwe muli nazo.

Fayilo ikafika pa 4 GB imaima n'kunena kuti yalephera, chonsecho malo alipo ambiri.

Hard drive yanu ili pa FAT32, fomati yakale yomwe siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB. Ikufunika NTFS ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha, kapena exFAT ngati imayendanso pa Mac. Kufomata kumafufuta zonse, choncho yambani mwakopera katundu wanu kwina, mutsimikize kuti akutsekuka. Ngati mumaisomekanso pa TV kapena pa dikoda, onani kaye mtundu womwe chipangizocho chimawerenga.

Yanga ndinaisomeka kumbuyo kwa rauta kuti tonse m'nyumba tiziionera. Chiyambireni, Wi-Fi ikuvuta.

Mwaika gwero la phokoso pafupi ndi milongoti yeniyeniyo. Opanga marauta amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake ena, monga a Asus, anaika posankha kuti bowolo liziyenda ngati USB 2.0. Fufuzani m'masetingi a rauta yanu, kapena ikani chingwe chotalikitsira. Dziwaninso kuti kaubongo ka rauta ya panyumba n'kakang'ono. Kakamatumikira hard drive kwinaku kakugawa intaneti kwa anthu asanu ndi awiri, kamatopa.

Pa MacBook zimachitikanso?

Zimachitika, makamaka ndi timahabu ta USB-C tosatchingidwa bwino tomwe timakhala togundana ndi thupi la laputopu. Gwirani batani la Option n'kudina chizindikiro cha Wi-Fi, mudzaona ngati muli pa 2.4 kapena 5 GHz. Kumbukiraninso kuti Spotlight, pulogalamu yofufuzira mafayilo, imayamba kuwerenga hard drive yatsopano ikangosomekedwa, ndipo Time Machine, yosunga makope a mafayilo anu, ngati munaisankhira hard drive imeneyo, imayamba kusungamo zinthu yokha. Mac imawerenga NTFS koma siilembamo popanda pulogalamu yowonjezera.

Hard drive ikulira "tiki, tiki", pena imasowa n'kubweranso. Ndi vuto lomweli?

Iwalani kaye za download. Kulira kotero kumatanthauza chimodzi mwa ziwiri: moto sukukwana, kapena hard drive ikufa. Yesani chingwe china chachifupi, m'bowo lina, popanda habu, laputopu ili pa chaja. Phokoso likatha, linali vuto la moto. Likapitirira, yambani pompo kukopera zomwe simungazipezenso kwina: zithunzi za ana, za maliro a agogo, zikalata za malo, ntchito ya kusukulu. Mafilimu ndi nyimbo zibwere pambuyo, zimenezo zimapezekanso.

Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zomwe hard drive imalemba yokha za thanzi lake. Ikaonetsa Good, mtima ukhale m'malo pang'ono. Ikaonetsa Caution yachikasu, nthawi zambiri ndiye kuti mbale zayamba kukhala ndi malo owonongeka, ndipo kuchedwa komwe mukuonako ndi hard drive ikuyesa mobwerezabwereza kuwerenga kapena kulemba pamalo ovutawo. Musathamangire mapulogalamu okonza disiki monga chkdsk kapena defrag musanapulumutse mafayilo, chifukwa ntchito zimenezo zimaigwiritsa ntchito yakalavulagaga ndipo zikhoza kuimaliza. Musaitsekulenso kuti muone m'kati. Fumbi la mu Lilongwe nthawi ya chilimwe, kachidutswa kamodzi kokha pa mbale n'kokwanira kukanda zonse.

Ma hard drive amenewa amaopa kugwa ndi kugwedezeka akuzungulira. Kuyenda nayo pa kabaza kapena mu minibasi m'thumba la buluku, yopanda kachikwama kofewa, kumaifupikitsa moyo.

Ndiye ndingogula SSD ya kunja?

Ngati vuto lanu ndi kulemba kochedwa, SSD ithandiza kwambiri, popeza ilibe mbale kapena kamkono, ndipo siiopa kugwedezeka. Koma ngati vuto ndi phokoso la pa 2.4 GHz, SSD siichotsa, chifukwa nayonso imayenda pa USB 3.0 kapena kuposa. Mukhoza kutaya ndalama zambiri n'kupeza Wi-Fi ikuvutabe. N'chifukwa chake kuyesa kuja kuyenera kubwera poyamba.

Pogula, chenjerani ndi katundu wachinyengo. Pali ma SSD ndi mafulashi olembedwa ma terabyte ambirimbiri pa mtengo wa fulashi wamba. M'kati mumakhala kamemori kakang'ono kochedwa, konamiza kompyuta za kukula kwake. Kulemba kumakwawa, ndipo mukapitirira malo ake enieni, mafayilo amaoneka pa mndandanda koma satsekuka. Pulogalamu ya H2testw imadzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malowo ndi enieni. Imatenga nthawi, koma gwirizanani ndi wogulitsa kuti mubweza ikalephera mayesowo, ndipo tengani lisiti.

Ndayesa zonsezi, koma madzulo aliwonse zimachedwabe, hard drive ikhalepo kapena isakhalepo.

Ndiye kuti hard drive ilibe mlandu. Madzulo anthu ambiri a m'dera lanu amakhala pa mlongoti umodzi womwewo wa netiweki ya mafoni, ndipo m'malo othinana ngati Area 23, Biwi kapena Mchesi ma Wi-Fi a oyandikana nawo nyumba amapanikizananso pa 2.4 GHz. Mu rauta yanu yesani tchanelo 1, 6 kapena 11, muone yomwe ili ndi mpata. Ikani MiFi pawindo loyang'ana komwe kuli mlongoti, ndipo zikuluzikulu muzitsitsa usiku kwambiri kapena m'mamawa. Onaninso ngati bandulo yanu ili ndi malire omwe mukawapitirira liwiro limatsitsidwa. Pena seva yomwe mukutengako fayilo ndiyo yochedwa, ndiye yesani kutsitsa china kuchokera kwina musanaweruze.

Ndikaganiza zopita nayo kwa okonza, nditenge chiyani?

Tengani zonse zomwe mumagwiritsa ntchito pamodzi: laputopu, chaja yake, hard drive, chingwe chake chenichenicho, habu ngati ilipo, ndi MiFi kapena modemu. Anthu ambiri amabweretsa hard drive yokha, ife n'kuiyesa ndi chingwe chathu pa kompyuta yathu, n'kupeza ili bwinobwino, chonsecho cholakwa chatsala kunyumba. Fotokozani zomwe munapeza pa mayeso atatu aja, komanso mtunda wa pakati pa pomwe mumakhala ndi rauta. Ndipo musanaisiye m'manja mwa wina aliyense, muuzeni momveka kuti asafomate kapena kufufuta kanthu asanakuimbireni foni.